Zomwe ndinataya pokana kulowa yuniyoni ya azitsulo ku Joni

Ndinakwera basi pa Wenela ku Blantyre mu February 2012. M'manja ndinali ndi chikwama chimodzi ndi nkhuku yokazinga ya mayi, m'mutu muli luso lowotcherera lomwe ndinaphunzira ku Ndirande popanga mafelemu a mawindo ndi zitseko. Agogo anga aamuna anapitako ku migodi ya kumwera kalekale, ndipo langizo lomwe anatisiyira pabanja pathu linali limodzi lokha: kwa eni gwira ntchito, tseka pakamwa, tumiza ndalama kumudzi. Ndinalitenga ngati lamulo. Tinadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, n'kukatsikira pa Park Station miyendo itatupa.

Nditavutika ndi maganyu miyezi inayi, ndinapeza ntchito pa fakitale ina ku Wadeville, mbali ya ku Germiston. Tinkadula ndi kuwotcherera zitsulo zikuluzikulu za madenga a nyumba zosungiramo katundu. Koma amene anandilemba sanali eni fakitale. Anali munthu wapakati, amene kumeneko amati labour broker, yemwe ntchito yake ndi kusaka anthu n'kumawabwereketsa ku mafakitale. Ovololo yathu inali yofanana, utsi tinkapuma umodzi, koma ikafika Lachisanu envulopu ya ife obwereka inkapepuka kuposa ya anzathu olembedwa ndi kampani. Sindinadandaule. Ndikasintha ma rand aja kukhala makwacha, mtima unkakhala pansi.

Lachisanu lililonse ankatipatsa payslip. Ine ndinkangoyang'ana nambala ya pansi penipeni, pepalalo n'kulipinda m'thumba. Nthawi yozizira, June ndi July, mapepala amenewo ndi omwe ndinkakolezera mbaula m'kachipinda kanga ku Katlehong. Mukumbukire mbaula imeneyi, tidzaipezanso kutsogoloku.

Pafakitalepo panali bambo wina wachikulire, wa imvi za mbuu, wogwira makina opindira zitsulo. Tonse tinkangoti a Madala. Anali shop steward, kutanthauza wantchito mnzathu amene anthu anamusankha kuti aziwalankhulira kwa mabwana m'dzina la yuniyoni ya NUMSA. Sabata yanga yachitatu anabwera pomwe ndinkadyera nkhomaliro, atanyamula fomu.

"Mwana wa ku Nyasa, lemba dzina apa. Ndi randi imodzi yokha pa R100 iliyonse."

"Pepani bambo, ine ndine mlendo. Zimenezi ndi za eni dziko."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupinda fomu ija. Anabweranso kawiri chaka chimenecho, ndipo kawiri konse ndinakana. Mapepala anga okhalira m'dzikomo anali olongosoka, koma mantha sayang'ana chidindo. Ndinkaganiza kuti dzina langa likangolowa m'buku la yuniyoni, bwana wa broker amva, ndipo mawa lake ndili pa Beitbridge. Chomwe sindinkadziwa n'choti lamulo la ntchito la ku South Africa limapereka ufulu wolowa yuniyoni kwa wantchito aliyense, mbadwa kapena mlendo, wolembedwa ndi kampani kapena wobwera kudzera kwa broker, ndipo kuchotsa munthu ntchito chifukwa choti walowa yuniyoni ndi mlandu. Palibe m'Malawi mnzanga ndi mmodzi yemwe anandiuzapo zimenezi, chifukwa nawonso ankayendera langizo la agogo awo.

Pa 1 July 2014 sitalaka inayamba. Anthu pafupifupi 220,000 a m'mafakitale a zitsulo ndi zokonzakonza m'dziko lonse anasiya zida pansi. Misewu ya ku Wadeville inafiira ndi masikipa, anthu akuvina toyi-toyi pa mageti. Ife osalowa yuniyoni tinangouzidwa kuti tikhale kunyumba, ndipo kumeneko lamulo ndi lakuti osagwira ntchito, osalandira. Sabata yoyamba ndinapirira. Yachiwiri landilodi anayamba kugogoda, kumudzi nako anaimba kuti mayi agonekedwa m'chipatala ndipo mankhwala akufunika ogula. Usiku womwewo foni inalira: munthu wa broker. Anati pali oda yofulumira, tizilowera geti la kumbuyo 4 koloko m'mamawa, malipiro owirikiza.

Ndinapita. Sindibisa. Masiku atatu ndinawotcherera zitseko zili zotseka, mtima ukugunda nthawi iliyonse ndikamva nyimbo kunja. Tsiku lachinayi tikutuluka madzulo, tinakumana ndi gulu la anyamata pa ngodya. Mmodzi anandigwira dzanja n'kulinunkhiza, kenako analoza timabala ta moto tatsopano pamkono. Anakuwa kuti "Igundane!" M'Chizulu ndiye kuti khoswe, dzina la munthu wolowa ntchito anzake akunyanyala. Zomwe ndikukumbuka ndi fumbi m'kamwa, nsapato m'nthiti ndi kulawa magazi. Dzino lakutsogolo linatsala pomwepo.

Amene anandiphimba ndi thupi lawo anali a Madala. Ndinamva mawu awo ali pamwamba panga, akukalipira anyamata aja kuti yuniyoni sinatume munthu kukhetsa magazi a wantchito mnzake. Anandikweza m'galimoto la mnzawo, anandiperekeza kuchipatala, ndipo poti ndinkaopa kubwerera kuchipinda kwanga, ananditengera kwawo. Ndinagona masiku asanu pa sofa yawo. Nthiti ziwiri zinali zong'aluka. Zonse zomwe ndinapeza masiku atatu aja zinathera ku mankhwala ndi kwa dokotala wa mano, n'kuwonjezeranso ngongole ya R700.

Usiku wachiwiri, mayi a m'nyumbamo atachotsa mbale, a Madala anatulutsa chitini cha mabisiketi. Munali mapepala achikasu ndi ukalamba. Anasankhamo kakadi kothothoka m'mbali n'kundipatsa. Panalembedwa kuti MAWU, chidule cha dzina la yuniyoni yakale ya azitsulo.

"Ukudziwa chomwe tikunyanyalira?" anandifunsa.

"Malipiro, bambo."

"Malipiro, inde. Koma pa zomwe tikufuna palinso zoti ma labour broker athetsedwe. Anthu akugona ndi njala kuti iwe ulembedwe ngati munthu, iwe n'kulowera geti la kumbuyo."

Ululu wa nthiti unachepa poyerekeza ndi manyazi omwe ndinamva. Sanapitirize kundidzudzula. M'malo mwake anayamba kundifotokozera komwe kakadi kaja kanachokera, ndipo nkhaniyo inatenga mausiku atatu.

Mu January 1973 antchito a pa fakitale ya njerwa ku Durban ananyanyala, moto n'kufalikira m'mafakitale ambirimbiri a mzindawo. Pa phulusa la sitalaka imeneyo ndi pomwe panabadwira MAWU chaka chomwecho, bungwe la antchito a zitsulo ku Natal. Nthawi imeneyo boma la tsankho silinkawerengera mayuniyoni a anthu akuda. Kuvomerezedwa kunabwera mu 1979, chaka chomwe MAWU ndi mabungwe ena anapanga chitaganya cha FOSATU. A Madala analowa mu 1981 ali mnyamata, masitalaka atagundika m'mafakitale a East Rand, dera lomweli la Germiston, Benoni ndi Boksburg.

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi pomwe anayankha mawu anga aja akuti ndine mlendo. Anati ambiri mwa omwe anamanga MAWU kuderali anali anthu a m'mahositelo, ochokera kumidzi ya kutali, oyenda ndi pasi m'thumba, omwe ukangowachotsa ntchito apolisi ankawabweza kwawo. "Ifenso tinali alendo, m'dziko lathu lomwe. Mantha ako ndikuwadziwa fungo lake." Anandiuza za antchito pafupifupi 1,000 a pa fakitale ya BTR Sarmcol ku Howick omwe anachotsedwa onse mu 1985 chifukwa chofuna kuti MAWU izindikiridwe, ndi za atsogoleri awo omwe anaphedwa ku Mpophomeni mu December 1986. Pofotokoza zimenezo mawu ankatsika, maso ali pa chitini.

Za kuphatikizana kwa mabungwe ndiye ankazinena mosabisa mawanga. Anati anthu amaganiza kuti NUMSA inabadwa ndi chikondi, pomwe inabadwa ndi kuwerengera. Mabwana a mafakitale a zitsulo anali ndi bungwe lawo limodzi, SEIFSA, ndipo malipiro a dziko lonse ankakambidwa pa tebulo limodzi. Antchito okha ndi omwe ankafika pa tebulolo ali timagulu. COSATU, chitaganya chachikulu cha mayuniyoni, itakhazikitsidwa ku Durban kumapeto kwa 1985, inaika mfundo yoti mtundu umodzi wa ntchito ukhale ndi yuniyoni imodzi. Ndiye mu May 1987 anakhala pansi: MAWU ya azitsulo, NAAWU ya opanga magalimoto, yomwe mphamvu zake zinali ku Port Elizabeth ndi Uitenhage, MICWU ya m'magalaja ndi mokonzera magalimoto, ndi UMMAWOSA, gulu lomwe linagalukira MAWU mu 1984 ku East Rand komweko. Tangoganizani, anthu omwe munatukwanizana nawo zaka zitatu zapitazo, lero muvale sikipa imodzi. A Madala anati panali mnzawo wina wa ku Springs amene sanalankhulane naye kuyambira tsiku logawikana, ndipo anakapatsana moni koyamba pa msonkhano wa shop steward bungwe latsopano litayamba kale. Aliyense anabwera ndi kachitidwe kake, maofesi ake, atsogoleri ake ofuna mipando. Koma anatuluka ali anthu pafupifupi 130,000 pansi pa dzina limodzi. Mlembi wamkulu anasankha Moses Mayekiso, munthu amene pa nthawiyo anali m'ndende pa mlandu woukira boma, ndipo khoti linadzamupeza wosalakwa mu 1989.

Sitalaka inatha kumapeto kwa July, patatha masabata anayi. Olandira zochepa kwambiri anawonjezeredwa 10 peresenti. Ma broker sanathetsedwe. Tsiku loyamba kubwerera kuntchito ndinapita ndekha kwa a Madala, mlomo udakali wotupa, n'kupempha fomu ija. Anzanga ena anatha miyezi osandiyankha moni. Sindinawaimbe mlandu.

Ndinalowa bungwe pa nthawi yomwe nyumba inkagwedezeka. Mu December 2013 NUMSA inali italengeza kuti sichitiranso kampeni chipani cha ANC, ndipo mu November 2014 COSATU inaichotsa m'chitaganya chomwe makolo ake anathandiza kumanga. Kunabadwanso yuniyoni ina ya azitsulo, LIMUSA, ndipo pa mageti pankafika mafomu a mitundumitundu. A Madala anawonda nazo nkhani zimenezi. Munthu amene anaona mabungwe anayi akukhala limodzi, tsopano ankaona kung'ambika. Kwa ife atsopano anangotilangiza chinthu chimodzi chogwirika: usasayine fomu iliyonse pa geti usanaiwerenge, ndipo mwezi uliwonse uziona pa payslip kuti ndalama yako ikupita ku bungwe liti. Ena anasayina uku ndi uku poopa kukhumudwitsa anzawo, ndipo tsiku la mlandu panayamba ndi kufufuza kuti kodi iwowo ndi a ndani. Mapanga awiri avumbwitsa.

Mu 2015 lamulo la ntchito linasintha. Linati wantchito wolandira zochepa akagwira pa malo amodzi kupitirira miyezi itatu kudzera kwa broker, aziwerengedwa ngati wantchito wa kampani yomwe akugwirako. Mabwana ambiri ankalitanthauzira mwina, koma pafakitale pathu ma shop steward analimbikira mpaka ife khumi ndi anayi tinalowetsedwa m'mabuku a kampani mu April chaka chimenecho. Kwa nthawi yoyamba ndinalandira mofanana ndi mnzanga wa pa benchi yoyandikana nayo. Ndinayamba kumanga kanyumba kumudzi.

Chisangalalo sichinakhalitse. Zitsulo zotchipa zochokera ku China zinadzaza msika, maoda anachepa, fakitale yaikulu ya Highveld Steel ku eMalahleni inatseka mu 2016. Pakati pa chaka chomwecho tinalandira makalata a Section 189, chidziwitso choti kampani ikufuna kuchepetsa antchito. Zokambirana zinatenga miyezi iwiri. Lamulo limati wochotsedwa motere alandire malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu chomwe wagwira, osachepera apo. A yuniyoni anakoka mpaka masabata awiri pa chaka, ndipo anapambananso china: kuti ife omwe tinayambira kwa broker zaka zathu zakale ziwerengedwe, bola munthu aonetse umboni woti ankagwira pafakitale pomwepo.

Apa ndi pomwe mbaula ija inandipeza. Mnzanga wa ku Mozambique, amene tinayamba mwezi umodzi, anabwera ndi bokosi la nsapato lodzaza ma payslip kuyambira 2012, omangidwa ndi mphira chaka ndi chaka. Anamuwerengera zaka zinayi, analandira pafupifupi R16,000. Ine ndinali ndi mapepala oyambira August 2014 okha, pomwe a Madala anandiuza kuti ndizisunga, ndipo pakati pake ena anali atasowa. Anandiwerengera chaka chimodzi cha m'mabuku a kampani, pafupifupi R4,000. A Madala analemba kalata yochitira umboni kuti ankandiona tsiku ndi tsiku, koma mabwana anati mgwirizano unanena za mapepala. Tinapita kukafuna ma rekodi ku ofesi ya broker uja. Tinapeza akugulitsamo matayala.

Mnzathu wina amene sanali mu yuniyoni anaona kuti anamusankha mokondera pochotsa anthu. Anakhala kunyumba akudandaula, kenako anayendayenda m'maofesi olakwika. Nkhani za kuchotsedwa ntchito m'mafakitale a zitsulo zimapita ku bargaining council yawo, MEIBC, bwalo la mabwana ndi mayuniyoni a azitsulo, ndipo munthu ali ndi masiku 30 okha kuchokera tsiku lomwe wachotsedwa. Iye anafika masikuwo atadutsa, ndipo kupempha kuti amumvere mochedwa inakhala nkhondo ina payokha. Mukachotsedwa ntchito, yambani kuwerenga masiku tsiku lomwelo, mkwiyo muziumva muli m'njira.

Chiyembekezo changa chinatsalira pa provident fund, ndalama zomwe amadula pa malipiro, bwana n'kuwonjezerapo zake, kuti udzatenge ukasiya ntchito. Za antchito a zitsulo zimasungidwa ndi MIBFA, pakati pa tauni ya Johannesburg. Ndinapita ndi mkulu wina wa ku ofesi ya yuniyoni. Mayi wa pa kauntala anayang'ana pa kompyuta n'kundiuza mofatsa zinthu ziwiri. Choyamba, nambala ya pasipoti yomwe inali m'kaundula sinkagwirizana ndi yomwe ndinanyamula. Ndinali nditasintha pasipoti, yatsopano inabwera ndi nambala ina, ndipo sindinauze aliyense kuntchito. Yakale ndinaisiya kumudzi. Chachiwiri ndi chomwe chinandifoola mawondo: dzina langa linayamba kuoneka mu April 2015. Zonse zomwe broker ankandidula kuyambira 2012 sizinafikeko n'komwe. Ndikanapempha sitetimenti ya thumbali ngakhale kamodzi pachaka, ndikanazindikira ofesi ya broker isanasanduke shopu ya matayala.

Kukonza za pasipoti kokha kunanditengera miyezi isanu ndi iwiri. Mchemwali wanga anafufuza pasipoti yakale m'sutikesi ya mayi n'kuitumiza ndi dalaivala wa basi, ndinalipira R250. Panafunika kalata yolumbira ku polisi yoti mapasipoti awiriwo ndi a munthu mmodzi, nambala ya msonkho ya ku SARS yomwe ndinali ndisanaitsatirepo, ndi akaunti ya ku banki ya dzina langa yomwe ikugwira ntchito. Yanga inali itagona chifukwa munalibe kanthu, ndinachita kutsegulitsanso. Ulendo uliwonse wa m'tauni unkadya ndalama ya taxi ndi tsiku la ganyu. Ndinapita maulendo asanu ndi anayi. Miyezi imeneyo ndinkagona pansi kwa mnzanga wa ku Mangochi, ndipo kanyumba ka kumudzi kanaima pa mawindo, mvula n'kugwetsa khoma limodzi.

Za ndalama zomwe broker anadya, a yuniyoni anandiuza za ofesi ya Pension Funds Adjudicator ku Pretoria, komwe munthu amakadandaula ulere. Koma madandaulo ali ndi malire a zaka zitatu, kampani yoti ndiisumire kunalibenso, ndipo umboni woti ankandidula ndinali nditauwotcha ndi manja anga. Tinalemba kalata ndithu, koma panalibe choti n'kugwira.

Ndalama za chaka chimodzi ndi miyezi ingapo zinalowa mu March 2017. Ndinagula makina owotcherera ndi grinder ku Germiston, ndinakatsanzika kwa a Madala, n'kukwera basi. Iwo anali akukonzekera msonkhano wokhazikitsa chitaganya chatsopano cha SAFTU, chomwe NUMSA inalowamo mwezi wotsatira. Ndinawafunsa ngati satopa, kumanga, kugumuka, kumanganso. Anaseka n'kunena kuti chitsulo chikathyoka pa joini sutaya, umapala n'kuwotchereranso, ndipo ine wowotcherera ndiyenera kudziwa bwino kuposa iwo.

Mu July 2018 ndili pa shedi yanga ku Ndirande, ndikumalizitsa geti la kasitomala, foni inalira ndi nambala ya ku Joni. Anali a Madala, mawu ali m'mwamba. Khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linali litagamula mlandu womwe NUMSA inalimbana nawo zaka zingapo: munthu wa broker akadutsa miyezi itatu, bwana wake pa lamulo la ntchito ndi kampani yomwe akugwirako, osati awiri. "Mwana wa ku Nyasa, anyamata omwe akubwera pambuyo pako apuma," anatero. Ndinawathokoza, tinafunsana za mabanja, anandiuza kuti apuma ntchito kumapeto kwa chaka ndipo maondo akuwavuta. Foni itaduka ndinakhala kaye pa chitini cha penti, lilime likugunda pa mpata wa dzino lija. Ndalama za 2012 mpaka 2015 sindinazionenso. Magetsi anali adakalipo, ndiye ndinatsitsa chigoba kumaso n'kumalizitsa geti lija asanazime.